Ekizozi ya njinga yathu ya kabaza: zolemba za ntchito yokonza

Lolemba, sabata yoyamba ya Novembala

Njinga ndayiimika lero. Sipitanso pa siteji mpaka ekizozi itakonzedwa, ngakhale ndikudziwa kuti ndalama ya tsiku imene mphwanga amabweretsa madzulo iyamba yasowa. Ndi njinga ya 150cc, ya injini zija zadzaza pa siteji iliyonse muno mu Salima, zotengera kapangidwe ka CG125 imene Honda inatulutsa mu 1975. Mphwangayo ndi mwana wa achemwali anga. Amanyamula anthu pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, ndipo nyengo yokolola mpunga amakhalira kusenza matumba ku Lifuwu.

Phokoso linayamba kukula mwezi watha. Poyamba kulira kunangonenepa, kenako akati wabweza moto potsika liwiro, njinga imayamba kuphulika kuti pha! pha! agalu onse a m'dera lino n'kudzuka. Nditamufunsa anati, "Amalume, ndi mmene iyenera kulirira, makasitomala amandimvera patali." Ndinamuuza kuti ayikweze pa sitandi yapakati tione kunsi.

Kumbuyo, pamene sailensa imamangidwa ku chitsulo cha popondera wokwera, bawuti palibe. Inagwa liti, mphwangayo sakudziwa. Anangokulungapo waya ndi mphira wa tchubu, mphirawo unapsa kalekale. Ndiye kuti ekizozi yonse yakhala ikulendewera pa masitadi awiri, mabawuti opanda mutu olowa mu hedi (mutu wa injini), uku ikugwedezeka m'maenje a njira za kumunda, thumba la makilogalamu 50 lili pamwamba. Bulaketi yake yang'aluka motsatira mzere umene anawotcherera poipanga. Kunsi kwa sailensa, pamene paipi imalowera, ndinagogodapo ndi sikuludiraiva. Chitsulo chamoyo chimayankha kuti ngwee, koma apa panangomveka phwe phwe, ndipo nditakanikiza nsonga inalowa yonse. Dzimbiri ladya. Kutsogolo, pakamwa pa hedi, mwaye wada bii mbali imodzi ya timapiko toziziritsa injini, ndipo nati ya mbali imeneyo ndinayitembenuza ndi zala.

Kuphulika kuja gwero lake ndi pomwepa. Utsi umatuluka mu injini modukizadukiza, valavu ikatseguka, ndipo pakati pa kutuluka kumodzi ndi kunzake mu paipi mumakhala kukoka. Gasiketi, mphete yotseka pakati pa paipi ndi hedi, ikasiya mpata, mpweya wakunja umalowera pamenepo, umakumana ndi petulo amene sanathe kupsa mu injini, moto n'kuyakira mu paipi yotentha kale ija.

Chomaliza anaulula yekha ataona kuti ndaloza tochi kumapeto. Mabowo atatu a pamenepo sanabwere ndi njinga. Anzake a pa siteji anamuboolera ndi msomali kuti izilankhula.

Lachiwiri

Dzulo usiku ndinadontheza buleki fuluwidi pa manati awiri aja kuti alowerere mpaka m'mawa. Mafuta opopera a m'chitini omasulira mabawuti a dzimbiri ndiwo abwino koposa, koma kunyumba kunalibe, ndipo fuluwidi amagwira ndithu bola asakhudze penti, chifukwa amayisupula. M'mawa tinayikankha mpaka kwa amisiri athu a ku Kamuzu Road, amene amakonzera pansi pa kashedi ka malata kuseri kwa mashopu.

Nati yolefuka ija inatuluka mosavuta. Inzake inakana. Amisiri sanathamange nayo. Anayigogoda ndi hamala yaing'ono, anaveka ring'i sipanala ya 12, n'kumakoka pang'ono kubwerera, pang'ono kupita. Inaoneka ngati yavomera, kenako kunangomveka thyo! Sitadi yaduka, nati ili m'sipanala, pa hedi patsala kachitsa kongotuluka mamilimita atatu kapena anayi.

Mphwanga anayang'ana amisiri, amisiri anatola chidutswa chija n'kundipatsa. "Bwana, musanandikwiyire taonani apa." Pamene paduka panali mitundu iwiri. Mbali yaikulu inali yakuda ndi yosalala, yolowa mwaye, ndipo kachigawo kakang'ono ka m'mphepete ndi kamene kanali koyera mbee, kokhakhala, kothyoka lero. Sitadiyo inayamba kung'aluka kalekale ndi kugwedezeka kwa ekizozi yopanda chogwira kumbuyo, mng'aluwo n'kumayenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Ikanatha kudzathyokera pa msewu wa ku Senga Bay ali ndi mayi ndi mwana kumbuyo. Kabawuti ka kumbuyo kaja, ka mtengo wa mandasi ochepa, ndi kamene katifikitsa pano.

Njira zochotsera kachitsa tinazikambirana nthawi yaitali. Mnyamata wina wophunzira ntchito anathamangira kukatenga dirilo yamanja, amisiri n'kumubweza. Sitadi ndi chitsulo cholimba, hedi ndi aluminiyamu wofewa, ndiye dirilo ikaterereka pa kachitsa imathawira kofewako, n'kudya mazinga ndi khoma lomwe. Akuti ambiri mwa mahedi amene ali mulu kuseri kwa shedi yawo anafa choncho. Tagwirizana zowotcherera nati pa kachitsako. Ikakanika njira imeneyo ndiye tidzaboola, koma hedi itachotsedwa n'kuikidwa pa dirilo ya pa tebulo. Zogula hedi yatsopano sindikufuna n'kumva komwe.

Lachitatu

Magetsi anazima m'mawa ndipo sanabwere mpaka dzuwa kupendeka, choncho zowotcherera zadikira. Nthawiyo ndayithera pa ekizozi yochotsedwa ija ndi m'mashopu a masipeyala.

Ukaigwedeza, mkati mukumveka tchekete tchekete. Titayiimika chadodolido munatuluka makoko a dzimbiri odzaza dzanja. Mphwanga anadabwa kuti chinthu chotentha chonchi chingachite bwanji dzimbiri mkati, pamene mvula inasiya kalekale mu Epulo. Madziwo imapanga ndi injini yomwe. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi, pafupifupi lita imodzi ya madzi pa lita iliyonse ya petulo. Pa ulendo wautali ekizozi imatentha mpaka kumapeto, nthunziyo n'kutuluka yonse. Koma ntchito ya kabaza wa m'tauni ndi ya tizidutswa: kuchoka pa siteji kupita ku msika, kuzimitsa, kupita ku chipatala, kuzimitsanso. Kumbuyo kwa sailensa sikufika potentha mokwanira, makamaka m'mamawa, ndiye nthunzi imasanduka madzi, madziwo amasakanikirana ndi mwaye n'kukakhala pamalo otsika kwambiri. Opanga anaikapo kabowo kakang'ono kotulutsira madziwo. Kathu tinakapeza katatsekeka ndi matope ouma gwa. Pamenepo onjezerani chizolowezi chotsukira njinga m'mphepete mwa nyanja, madzi akukhuthulidwa ndi ndowa mpaka kulowera ku mabowo atatu a msomali aja.

M'mashopu ekizozi zatsopano zilipo, zonyezimira, zokulungidwa m'mapulasitiki. Yathu yakale ndinayenda nayo pa phewa kuti ndiziyerekeza. Wogulitsa wina anati, "Achimwene, iyi ndi orijino, mukangomanga basi." Nditanyamula ina dzanja ili, ina dzanja ilo, yatsopanoyo inali yopepuka moonekeratu, chonsecho yathu yadyeka ndi dzimbiri. Khoma la paipi yake ndi lopyapyala, ndipo bowo la bulaketi linasemphana ndi lathu pafupifupi masentimita awiri. Kusemphana kotere anthu amakuthetsa pokankha ndi bondo mpaka bawuti italowa, osadziwa kuti mphamvu yonseyo ikukathera pa masitadi a ku hedi. Za mtengo ndisanene zambiri. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeyala umadalira tsiku limene wafunsa. Yokhuthala bwino imene ndinayipeza m'shopu imodzi ikufuna ndalama zimene njingayi imabweretsa pa masabata angapo.

Ndasankha kukonza yakale. Paipi yakutsogolo ikadali ndi mnofu, ndipo kupindika kwake ndi kwa njinga yomweyi.

Pobwerera tinakumana ndi bambo ena amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Atationa ndi ekizozi pa phewa anatilangiza kuti tikayiwotche pa moto wa zitsononkho mwaye uchoke. Malangizowo ndi oona, koma ndi a njinga zimene iwo ankayendera, ma Yamaha DT aja, a injini zowotcha oyilo pamodzi ndi petulo. M'zimenezo mumaundana phula lakuda mpaka njinga kulephera kupuma, ndipo moto umathandizadi. Yathuyi oyilo amakhala payekha pansi pa injini. Mwaye wake ndi wouma komanso wochepa, ndipo moto wa zitsononkho ukanangomaliza chitsulo chimene chatsala. Ndinawathokoza, sindinatsutsane nawo.

Lachinayi

Kachitsa katuluka. Ndilembe bwinobwino mmene zinayendera, poti apa ndi pamene ntchito yonse ikanafera.

Tisanayatse makina tinachotsa thanki n'kukayiika kutali pansi pa mtengo wa nimu, tinakhuthula petulo wa mu kabureta, tinamasula batire ndi kuzula mawaya a CDI, kabokosi kolamula moto wa ku pulagi. Moto wa makina owotcherera ukadutsa m'mawaya a njinga umatha kupha CDI ndi rekitifaya yotchajira batire, ndipo ambiri amazindikira atamaliza ntchito, kiki ikukana. Waya wa ethi wa makinawo, wowotcherera anaukanikiza pa hedi pomwepo, osati ku tcheni kapena ku gudumu, kuti moto usadutse m'mabering'i. Pakamwa pa hedi tinatsekapo ndi kachitsulo kafulati, tizidutswa ta rodi yowotcherera tisadumphire ku valavu.

Wowotchererayo ndi mnyamata wa mageti ndi mafelemu a mawindo, koma dzanja lake ndi lokhazikika. Anapala kachitsa ndi tupa mpaka kuwala, anavekapo wosha n'kuwotcherera pakati, kenako pamwamba pa wosha anaikapo nati yaikulu, ya sipanala 17, n'kudzaza mkati mwake ndi rodi ya 2.5. Chitsulo cha rodi sichimata pa aluminiyamu, ndiye chimagwira kachitsa kokha. Natiyo inafiira psuu. Mphwanga anatola sipanala nthawi yomweyo, amisiri n'kumugwira mkono. "Iwe, dikira. Ikakhala yofiira choncho ndi phala." Tinadikira mpaka kufiira kutatha. Kutenthako kuli ndi ntchito yake: aluminiyamu akatenthedwa amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho bowo limamasuka ndipo dzimbiri logwira mazinga limasweka.

Nati yoyamba inathothoka yokha, kachitsa osasuntha. Anapalanso, anawonjezera moto pa makina kuti rodi ilowerere, n'kubwereza. Ulendo uno sipanala itakoka kunamveka kulira kwa chitsulo, kwiii, nati n'kusuntha pang'ono zedi. Amisiri anadontheza oyilo, n'kubweza, n'kupititsa, n'kubwezanso, osakakamiza, mpaka kachitsa kanatuluka konse, mazinga ake atadzaza ufa woyera wa aluminiyamu. Mazinga a mu hedi apulumuka. Anapititsamo tapu, kachitsulo kodulira mazinga, ya M8 ya 1.25 kuti ayere chabe, osati kudula atsopano. Sitadi inzake nayo tayichotsa ngakhale imaoneka yabwino, chifukwa yasenza katundu yemweyo. Tagula awiri atsopano.

Tikupukuta pakamwa pa hedi, sikuludiraiva inakola china. Magasiketi analimo awiri, ina pamwamba pa inzake, yapansiyo itaphwanyika n'kuda moti sumaisiyanitsa ndi hedi. Wina m'mbuyomu anangoika yatsopano osachotsa yakale.

Loweruka

Sailensa tinapita nayo kwa madala ena owotcherera ndi gasi chakumsika, amene amamata marediyeta ndi mathanki. Mnyamata wa mageti uja anakana yekha. Anati makina ake pa chitsulo chopyapyala chonchi angoboola, kutseka bowo limodzi n'kutsegula awiri. Kukana kumeneko kwandichititsa kuti ndimudalire pa ntchito zina.

Madalawo gasi amapanga okha: miyala ya kabaidi m'chigubu chachitsulo, madzi akudonthera, fungo lake lomveka uli ku msewu, pambali silinda ya okosijeni. Anayitembenuza ekizozi ija kangapo, kuyigogoda ndi kachitsulo khutu lili pafupi, n'kujambula ndi choko malire a pamene pafa. Malowo anali aakulu kuposa bowo limene ine ndinaliona, pafupifupi chikhatho chonse. Mphwanga amafuna kuti angotseka bowolo tizipita. "Mwana wanga, ukamata pa dzimbiri chigamba chimagwa ndi dzimbiri lomwelo," anatero madala, n'kudula ndi sowo mpaka pamene chitsulo chimalira bwino.

Zenera limenelo linatipatsa mwayi woona mkati. Muli zipupa ziwiri zogawa sailensa m'zipinda, ndi timapaipi todutsa kuchoka chipinda china kupita china. Utsi ukabwera ndi mphamvu kuchokera mu injini umafutukuka m'chipinda choyamba, umakhota, umalowa china, ndipo pofika kunja ukali wake watha. Chipupa chimodzi chinali chitathothoka mbali imodzi, n'chimene chinkathandizana ndi makoko aja kuchita tchekete. Mphwanga anayesa mwayi: "Agogo, bwanji tingochichotsa? Njinga imathamanga bwino ikamapuma momasuka."

Madala anayang'ana ine. Ndinakana, ndipo chifukwa chake ndichilembe pano kuti nayenso adzawerenge. Kabureta ya njingayi inapimidwa pamodzi ndi ekizozi yake. Ukatsegula kumbuyo osasintha jeti, kabowo kopima petulo mu kabureta, kawirikawiri injini imalandira mpweya wochuluka pa petulo yemweyo, imatentha kuposa muyezo, ndipo yoyamba kuvutika ndi valavu yotulutsa utsi. Petulo wathu kuno amabwera atasakanizidwa kale ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol payekha amakokera injini ya kabureta ku mbali yomweyo ya mafuta ochepa pa mpweya wambiri. Injini yathu ilibe madzi, imazizira ndi mphepo yokha, chonsecho masana a Novembala ku Salima amapitirira madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse. Kuthamanga kumene anyamata amakumva akaboola sailensa, kwakukulu n'kwa m'makutu. Njinga yosenza anthu ndi matumba imafuna mphamvu yonyamukira pa mchenga, ndipo imeneyo ndi imene nthawi zambiri imachepa ukachotsa zipupa.

Chipupa anachibwezera n'kuchimata. Pa chigamba mphwanga anabweretsa chidutswa cha lata la denga, madala anachiponya uko. Malata a denga amakutidwa ndi zinki, ndipo zinki akapsa amatulutsa utsi woyera umene umagonetsa munthu ndi kutentha thupi ndi kuphwanya usiku wake. Anatenga chitsulo cha chitseko cha galimoto yakufa, anachipala penti, anachipinda pa chitsa ndi hamala yamtengo mpaka chinakumbatira sailensa. M'mphepete monse mwa malo omata anachotsa kunyezimira kuja ndi giraindala. Anayamba ndi timadontho m'makona, kenako kulumikiza pang'onopang'ono, mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono, kuti chitsulo chisapindike ndi moto. Bulaketi anayimata n'kuwonjezera kachitsulo kolimbitsa kuseri. Mabowo atatu a msomali anatseka, mphwanga akuyang'ana kumbali. Kabowo ka madzi anaboola katsopano pa chigamba, pamalo otsikitsitsa.

Poyesa tinatseka kumapeto ndi chisanza, kabowo ka madzi ndi chala, tinapaka thovu la sopo pa mizere yonse, mphwanga n'kumapopa ndi pampu ya njinga yakapalasa kukamwa kwa paipi. Thovu linafufuma malo awiri. Madala anabwerezapo osawonjezera mtengo.

Lolemba

Lero penti ndi kumanga. Penti wamba pa ekizozi amapsa tsiku lomwelo, ndiye ndinaitanitsa wopopera wolembedwa kuti amapirira madigiri 600, mnzanga wa minibasi n'kubwera naye kuchokera ku Lilongwe. Tinapala chigamba ndi sandipepala, kupukuta ndi sipiriti, kupopera mopyapyala kangapo. Penti ameneyu amauma kwenikweni injini ikamutenthetsa, choncho lero akadali wosachedwa kukalika.

Masitadi atsopano analowa ndi manati awiri omangana, mazinga atapakidwa girisi wa mkuwa kuti tsiku lina adzatuluke mwamtendere. Gasiketi ndi ya mphete ya mkuwa, imodzi yokha. Imeneyi imagwira ntchito pofinyika: ukamanga manati imaphwanyika n'kutseka mipata yonse, ndiye ikatuluka sibwereranso. Inkagwa pomanga, amisiri anayigwiriza ndi kadontho ka girisi.

Dongosolo lomangira ndi limene amisiri anaumirira, mpaka kumuyimika mphwanga pafupi kuti aone. Zonse zimayamba zalowa ndi zala, manati a ku hedi ndi bawuti ya kumbuyo, ekizozi ikugwedera. Ikakhala pamalo pake popanda kuikankha, umayamba kumanga ku hedi, nati iyi pang'ono, inayo pang'ono, kuti chogwirira paipi chitsike mofanana. Bawuti ya kumbuyo imamangidwa pomaliza. Bulaketi yathu inasuntha pang'ono pomata paja, bowo n'kusemphana ndi theka la bawuti. Sitinakankhe. Tinatsitsa, tinakulitsa bowo ndi tupa yozungulira, tinakwezanso. Pakati pa bulaketi ndi felemu taika mphira wodula ku tayala lakale, ndipo bawutiyo ili ndi wosha wa sipuling'i ndi manati awiri. Ikagwanso imeneyi ndiye wina wachita kumasula.

Injini ikadali yozizira amisiri anayeza mpata wa mavalavu, poti yakhala ikutentha kwa nthawi. Ya utsi inali itathina, mpata utatsala pang'ono kutheratu. Anayibwezera pa 0.08 mm. Pulagi yakale inatuluka yoyera mbuu kunsonga, umboni wa zimene ndinalemba Loweruka. Taika ina ya mtundu wa D8, mpata wake 0.7 mm.

Tisanayilize tinayikokera kunja kwa shedi, chifukwa utsi wa injini uli ndi carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha munthu m'malo otsekeka. Inalira mosavuta. Penti anafuka utsi wonunkha kwa kanthawi n'kuleka. Ndinayendetsa chikhatho mozungulira pakamwa pa hedi, osakhudza, ndipo panalibe mpweya wondiwomba. Nthenga ya nkhuku imene amisiri amasungira ntchito yomweyi nayo sinagwedezeke.

Lachitatu

Ndinakwera kumbuyo mpaka ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20, kuti ndimve ndekha. Kuphulika kwatha. Pa mabampu palibe chogogoda. Pa mchenga wa njira yotsikira kwa asodzi inakoka ndi giya yachiwiri osatsamwa. Titafika tinadikira kuti izizire n'kutulutsa pulagi: yayamba kuoneka yofiirira, ndiye jeti sitiyikhudza.

Tili pomwepo mayi ena ogula usipa anatiyandikira. "Bambo, njingayi ndi yanu?" Nditavomera anakweza chitenje pang'ono n'kundionetsa chipsera chozungulira pa katumba wa mwendo wamanja. Akuti anapsa miyezi yapitayo potsika ndi beseni. Chishango chophimba sailensa pafupi ndi popondera chinagwa kalekale, timabawuti take tinathyokera m'mabowo, ndipo nkhani ya mayiwa mphwanga sanandiuzepo. Ndinawapepesa n'kuwalipirira kabaza wina wowafikitsa ku Kamuzu Road ndi mabeseni awo. Njinga yabwereranso kwa madala. Sinyamula munthu popanda chishango.

Lachisanu

Chishango chapangidwa ndi chitsulo chotsala cha chitseko chija, chobooledwa mizere ya mabowo kuti mphepo izidutsa. Madala anamata manati awiri pa sailensa kuti chikhale chotalikirana ndi khoma lake, mpata wolowa chala, chifukwa chikagundana nalo chimatentha chimodzimodzi. Mphwanga atabwera kuchokera ku Chipoka ndinachigwira ndi dzanja. Chofunda, koma chosawotcha.

Manati a ku hedi tawabwereza injini itazizira. Onse awiri analola pang'ono, monga amisiri ananenera, poti gasiketi yatsopano imakhazikika ikatenthedwa ndi kuzizira kangapo.

Pa siteji anzake amupatsa dzina loti abusa, ati njinga yake yasiya kulankhula. Iye akudandaula kuti makasitomala samumva akamabwera. Ndamukumbutsa kuti hutala ilipo ndipo ikulira bwinobwino. Akuti akuona ngati petulo akukhalitsa, ndiye ndamuuza kuti sabata yamawa tidzaze thanki n'kulemba makilomita, tione ndi manambala.

Lamulungu, kumapeto kwa Novembala

Mvula yoyamba yagwa, njira za kumunda zayamba matope. Chigamba chili bwino ndipo penti wagwira, kupatula pakona imodzi pamene mwala unakala, ndapoperapo kale. Pamene paipi imalowa mu sailensa pakuoneka kamzere kochepa ka mwaye. Madala akuti tipite nayo Lachiwiri, sipafunika kumasula ku hedi. Kabowo ka madzi kanali katatsekeka kale ndi matope, ndiye ndamupatsa mphwanga kachidutswa ka sipoko kuti azikatokosa akamatsuka, ndipo kumapeto kwa sailensa azitsekako ndi pulasitiki ikazizira, madzi a ndowa asalowe.

Ndalama zonse, masitadi, gasiketi, pulagi, penti ndi za amisiri atatu, zapitirira pang'ono theka la mtengo wa ekizozi yokhuthala ija, osawerengera masiku amene njinga inagona. Chotsatira ndi tcheni ndi masipuloketi, poti mano ayamba kupendama, koma zimenezo zidikira ndalama za Disembala.